Mlandu wa XSS ndi wa Womanga Webusaiti, Osati wa Wodina Linki

Mwezi wathawu ndidakhala masana athunthu mu ofesi yaing'ono ya bambo wina wa kwathu amene amanyamula katundu kuchokera kuno ku Johannesburg kupita ku Blantyre, Lilongwe ndi Mangochi. Ofesiyo siitalikirana ndi Park Station, ndipo munthu ukalowamo umayenda cham'mbali kupewa zikwama zikuluzikulu zamizeremizere, mafiriji okulungidwa m'makatoni ndi zigubu za mafuta ophikira zolembedwa maina a eni ake. Bambowa adalipira mnyamata wina zaka ziwiri zapitazo kuti awapangire webusaiti yoti makasitomala azilembetserapo okha katundu wawo, ndipo tsopano ankafuna kuti ine ndiwonjezerepo malo oikapo chithunzi cha pasipoti. Ndisanagwire chilichonse ndidawapempha chilolezo choti ndiyese kaye zimene zidalipo kale. Atavomera ndidatenga foni yanga n'kutsegula fomu ngati kasitomala wamba, ndipo pamalo pofunsa mtundu wa katundu sindidalembepo bulangeti kapena njinga. Ndidalembapo kamzere kamodzi kosavulaza ka JavaScript, chilankhulo cholembera malamulo a m'mawebusaiti, kongouza kompyuta kuti ionetse kabokosi kolembedwa nambala 1. Kenaka ndidawapempha kuti atsegule tsamba lawo la eni, limene amaonerapo mndandanda wa katundu wa tsikulo. Tsambalo litangotseguka, kabokosi kaja kadatulukira pakati pa sikirini ya laputopu yawo.

Adakayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenaka adatembenuka n'kundifunsa mofatsa kuti, "Achimwene, kodi kabokosi kameneka kangandibere chiyani?"

Funso lawo lidali loyenera, ndipo ndikufuna kuliyankha pano mosathamanga, chifukwa ambiri mwa ife amene tili ndi mabizinesi, mipingo ndi mabungwe othandizana pamaliro kuno ku Joni tayamba kusunga zinsinsi za anthu pa intaneti tisanadziwe pamene denga limadontha. Kabokosiko pakokha sikaba kanthu. Koma kutuluka kwake ndi umboni wakuti munthu wakunja, amene alibe pasiwedi ndipo sadapondepo mu ofesiyo, walamula bulawuza ya mwini bizinesi, pulogalamu imene amatsegulira mawebusaiti, ndipo yamumvera. Vuto limeneli akatswiri amalitcha cross-site scripting, mwachidule XSS. Maganizo anga ndi akuti mlandu wake ndi wa amene adamanga webusaitiyo, pamodzi ndi amene adaigula n'kuisiya osaisamalira, ndipo tiyenera kuleka chizolowezi chousenzetsa mayi kapena bambo amene adangodina linki.

Kuti timvetse mmene zimachitikira, tiyerekeze ndi nthawi ya zolengeza kutchalitchi. Mlembi wa mpingo amalandira timapepala kuchokera kwa akhristu, wina wopempha mapemphero, wina wodziwitsa za chinkhoswe, ndipo amatiwerenga pamodzi ndi zimene akulu a mpingo agamula. Mlembi wodziwa ntchito yake amasiyanitsa ziwirizi. Akafika pa kapepala ka munthu amanena kuti walandira uthenga kuchokera kwa mayi akutiakuti, ndipo aliyense amadziwa kuti awa ndi mawu a munthu, osati chigamulo cha mpingo. Tsono taganizani za mlembi amene amangowerenga zonse ndi liwu limodzi. Wina walemba pa kapepala kuti msungichuma apereke chopereka cha lero kwa munthu amene waima pakhomo, mlembi wawerenga ali kuguwa monga amawerengera zigamulo zonse, ndipo msungichuma, amene adaphunzitsidwa kumvera zochokera kuguwa, wanyamula thumba n'kukapereka. Msungichuma ameneyu ndiye bulawuza yanu, kaya ndi Chrome, Firefox kapena Safari, ndipo mlembi wosasiyanitsa uja ndiye webusaiti yolembedwa mosasamala. Tsamba la pa intaneti limafika pa foni yanu ngati chikalata chimodzi cha HTML, mmene mawu oti muwerenge ndi malamulo oti bulawuza ichite zasanganikirana, ndipo chosiyanitsa chake ndi tizizindikiro tochepa chabe monga < ndi > pamodzi ndi mitengero. Wopanga webusaiti akatenga zimene mlendo walemba n'kuziika pa tsamba zili zosaphika, mlendoyo angathe kugwiritsa ntchito tizizindikiro timeneti kuti mawu ake asanduke lamulo.

Kuopsa kwa zimenezi kumaonekera bwino tikakumbukira mpanda umene mabulawuza adamanga kalekale. Kuyambira m'masiku a Netscape, pamene Brendan Eich adapanga JavaScript mu 1995, pakhala lamulo lotchedwa same-origin policy, limene limaletsa script, kutanthauza malamulo a JavaScript, ya webusaiti ina kuwerenga zinthu za webusaiti inzake. Ndi chifukwa chake mungathe kutsegula tsamba la banki yanu ndi tsamba la nkhani za mpira nthawi imodzi, la mpira osaona ndalama zanu. XSS siigumula mpanda umenewu, koma imalowera pachipata itavala yunifolomu ya pakhomopo. Popeza script ya wakubayo yabwera m'kati mwa tsamba lenileni, bulawuza imaipatsa ufulu wonse umene imapatsa mwini tsambalo. Ingathe kuba cookie, kachiphaso kosungidwa m'bulawuza, imene imasonyeza kuti mwalowa kale ndi pasiwedi yanu, kotero kuti wakubayo amakhala inuyo popanda kudziwa pasiwediyo. Ingathe kuwerenga chilichonse chimene chili pa sikirini n'kuchitumiza kwina mwakachetechete. Ingathe kusintha nambala ya akaunti ya kubanki imene makasitomala amaona akafuna kulipira, kapena kuonetsa fomu yabodza yopempha pasiwedi pa adiresi yeniyeni ya webusaitiyo, kaloko kotsimikizira chitetezo kali pomwepo.

Apa ndi pamene ndidayankhira bambo aja, ndipo ndidawapempha kuti tiwerengere limodzi zimene zidali pa tsamba limene kabokosi kadatulukirapo. Padali dzina la wotumiza aliyense, nambala yake ya foni, malo amene akukhala ku Mayfair, Rosettenville kapena Diepsloot, dzina ndi nambala ya wolandira kumudzi, mtundu wa katundu ndi tsiku limene galimoto inyamuke. Munthu wokhala ndi mndandanda umenewu safunika kuthyola loko wa aliyense. Amangoimbira mayi wa ku Mangochi, n'kutchula dzina la mwana wawo ndi firiji imene watumiza, n'kunena kuti katundu wagwidwa pa Beitbridge kapena pa Mwanza ndipo pakufunika ndalama mwamsanga. Ndani angakayike munthu amene akudziwa ngakhale mtundu wa firiji? Ndipo tiyenera kunena poyera chimene tonse timachidziwa, kuti abale athu ambiri kuno akaberedwa sathamangira kupolisi, ena chifukwa mapepala awo sali m'malo, ena chifukwa cha mantha amene mlendo amakhala nawo m'dziko la eni. Kwa munthu wotere, kutuluka kwa dzina lake, nambala ya pasipoti ndi malo amene amagona si nkhani ya makompyuta chabe ayi, koma ndi nkhani ya chitetezo cha thupi lake. Ichi ndicho chimandipangitsa kuti nkhaniyi ndisaitenge mopepuka.

XSS imabwera m'njira zitatu zodziwika. Ina imabisala mu linki imene wakuba amakutumizirani, ndipo webusaiti imangoibweza kwa inu ili pa tsamba. Ina, imene Amit Klein adaifotokoza mu 2005, imachitikira m'bulawuza momwemo pamene JavaScript ya webusaitiyo yatenga mawu kuchokera pa adiresi n'kuwaika pa tsamba mosasamala. Koma imene ndidaipeza mu ofesi muja ndi yosungidwa, ndipo ndiyo yoopsa kwambiri. Imakhala ngati nankafumbwe amene amalowa m'nkhokwe pamodzi ndi chimanga chabwino: fomu imailandira ngati uthenga wamba, seva imaisunga, ndipo imadikira tsiku limene mwini bizinesi adzatsegule tsamba lake.

Tsopano taonani malangizo amene timapatsana tsiku ndi tsiku m'magulu athu a WhatsApp. Timauzana kuti tisamadine malinki achilendo, kuti tiziyang'ana ngati adiresi ndi yeniyeni, ndiponso kuti tiziona ngati pali kaloko. Malangizo amenewa si oipa, koma pa XSS yosungidwa alibe mphamvu ngakhale pang'ono. Bambo aja sadadine linki iliyonse yachilendo. Adatsegula tsamba lawo lomwe, pa adiresi yawo yomwe, pa laputopu yawo yomwe, monga amachitira m'mawa uliwonse. Mu Okutobala 2023 kampani ya ESET idaulula kuti gulu lotchedwa Winter Vivern linkagwiritsa ntchito XSS ya mu pulogalamu ya maimelo yotchedwa Roundcube poba makalata a maofesi a boma ku Ulaya, ndipo chimene wolandira ankayenera kuchita kuti agwidwe ndi kungotsegula imelo basi. Roundcube yomweyo ndi imene makampani ambiri osungira mawebusaiti amapereka kwa makasitomala awo kuti aziwerengerapo maimelo a bizinesi. Ndipo ngati wina akuganiza kuti kuchenjera kungamupulumutse ku XSS yobisala mu linki, akumbukire za mu Epulo 2010, pamene akuba adaika linki yofupikitsidwa mu JIRA, pulogalamu yolemberamo mavuto a mapulogalamu, ya bungwe la Apache, ena mwa oyang'anira makompyuta a bungwelo n'kuidina, akubawo n'kulowa ndi ufulu wawo. Awa adali anthu amene amalemba mapulogalamu oyendetsa mbali yaikulu ya intaneti. Ngati iwo adakodwa, tilibe chifukwa chokalipira mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg amene akulembetsa katundu pa foni atatopa usiku.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti matendawa ndi akale ndipo mankhwala ake ndi odziwika. Bungwe la CERT, loona za chitetezo cha makompyuta, lidachenjeza za vutoli mu Febuluwale 2000. Mu Okutobala 2005 mnyamata wa zaka 19, Samy Kamkar, adaika script pa tsamba lake la pa webusaiti yamchezo ya MySpace imene inkadzikopera pa tsamba la aliyense amene waliona, ndipo pasanathe tsiku limodzi idafikira anthu oposa 1 miliyoni, mpaka eni ake adatseka webusaiti yonse kuti aichotse. Patapita zaka pafupifupi makumi awiri, mu 2024, bungwe la MITRE litatulutsa mndandanda wake wa zofooka 25 zoopsa kwambiri m'mapulogalamu, XSS, imene iwo amailemba kuti CWE-79, idali pa nambala 1. M'chaka chomwecho, mu Seputembala, mabungwe a boma la America a CISA ndi FBI adatulutsa chenjezo lolunjika kwa atsogoleri a makampani opanga mapulogalamu, lowauza kuti vuto limeneli ndi lopeweka ndipo siliyenera kupezekanso m'zinthu zimene amagulitsa. Sadalembere ogwiritsa ntchito, koma adalembera opanga, ndipo pamenepo ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse.

Nkhani ya MySpace ili ndi phunziro limene opanga mawebusaiti athu ambiri sadalimvebe. Eni MySpace ankadziwa za vutoli ndipo ankasefa mawu oopsa, kuphatikizapo liwu lakuti javascript. Kamkar adangolidula pakati liwulo n'kuliika pa mizere iwiri, sefa siidalizindikire, koma mabulawuza ena adalilumikizanso n'kulimvera. Njira yoletsa mawu ndi zizindikiro polandira uthenga imagonja chonchi nthawi zonse, chifukwa wakuba amakhala ndi njira zambiri kuposa zimene wosefa angaziganizire. Ndiponso kwa ife njira imeneyi ili ndi chipongwe chake chapadera. Ndakumanapo ndi mafomu amene amakana kachizindikiro ka m'mwamba kamene timalemba mu liwu lakuti ng'ombe, poganiza kuti akudziteteza, ndipo mapeto ake munthu wa dzina lakuti Ng'oma kapena wochokera kwa M'baluku amakakamizidwa kulemba dzina lake molakwika, losiyana ndi la m'pasipoti, pamene dzenje lenileni likadali lotsegula. Ngakhale opanga Chrome adayesa kuika sefa yawoyawo m'bulawuza, yotchedwa XSS Auditor, koma adaichotsa mu 2019 ataona kuti inkalambalalidwa ndipo nthawi zina inkabweretsa mavuto ena. Bulawuza singathe kudziwa zimene zidali m'mutu mwa wopanga webusaiti.

Mankhwala enieni ali pa nthawi yotulutsa, osati yolandira. Webusaiti ilandire dzina monga mwini wake walilembera, koma pamene ikuliika pa tsamba isinthe zizindikiro zoopsa zija kuti bulawuza izione ngati zilembo wamba. Chizindikiro cha < chimalembedwa kuti < ndipo bulawuza imachionetsa pa sikirini popanda kuchimvera. Uyu ndiye mlembi wanzeru uja amene amanena kuti awa ndi mawu a munthu. Mu chilankhulo cha PHP ntchitoyi imagwiridwa ndi htmlspecialchars, mu WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, muli esc_html, esc_attr ndi esc_url, ndipo kukhalapo kwa zitatuzi kukutiphunzitsa kuti kasinthidwe kake kamadalira malo amene mawuwo akupita, chifukwa chimene chili chotetezeka pakati pa ndime chingakhale choopsa m'kati mwa linki kapena m'kati mwa script. Zida zamakono monga Django, React ndi Blade ya Laravel zimachita zimenezi zokha popanda kuuzidwa. Komabe chilichonse chili ndi kakhomo kakumbuyo kozimitsira chitetezocho, ndipo opanga React adachita kukatcha dangerouslySetInnerHTML kuti wokatsegula adziwe kuti akusewera ndi moto. Mwa zimene ndaona ine, mabowo ambiri m'mawebusaiti atsopano amachokera pa timakomo timeneti, pamene wopanga wafuna kuti mawu ena aoneke akuda kwambiri, wakopera code pa intaneti kapena wapempha pulogalamu ya AI kuti imulembere, yamupatsa innerHTML, imene imachititsa bulawuza kumvera zizindikiro zija, pamene pakadayenera textContent, imene imangozionetsa ngati zilembo, iye waona kuti zikugwira ntchito n'kupitirira. Pamene pakufunikadi kulola anthu kulemba mawu okongoletsedwa, pali DOMPurify, imene idapangidwira ntchito imeneyi ndipo ndi yaulere.

Pali mipanda ina yachiwiri imene ndimalimbikitsa, koma isatinamize. Chizindikiro cha HttpOnly, chimene Microsoft adachiyambitsa mu 2002, chimaletsa script kuwerenga cookie, koma sichiiletsa kuchita zinthu m'dzina lanu pamene tsamba lili lotsegula. Content Security Policy imauza bulawuza kuti ndi script ziti zololedwa, ndipo ikalembedwa bwino imathandiza kwambiri, koma akatswiri a ku Google atafufuza mu 2016 adapeza kuti pafupifupi 95 mwa malamulo 100 aliwonse otere amene adawaona ankatha kulambalalidwa. Zimenezi ndi zothandizira, sizilowa m'malo mwa kulemba code mosamala.

Ndikudziwa zimene ena anganene, chifukwa bambo aja adazinenanso. Adati iwo ndi aang'ono, ndipo akuba a pa intaneti amalimbana ndi mabanki, osati munthu wa galimoto ziwiri. Maganizo amenewa amaona wakuba ngati munthu amene amakhala pansi n'kusankha nyumba yoti athyole, pamene zoona zake n'zakuti ntchito yambiri imagwiridwa ndi mapulogalamu amene amayendayenda pa intaneti usana ndi usiku, kugogoda pa khomo lililonse, osafunsa kuti mwini wake ndi wolemera kapena ayi. Mawebusaiti oposa 40 mwa 100 aliwonse padziko lapansi amayendera WordPress, ndipo bowo likapezeka mu plugin imodzi yotchuka, kutanthauza kapulogalamu koonjezera pa WordPress, mapulogalamuwa amaliyesa paliponse pamene plugin imeneyo ili. Mawebusaiti athu ambiri amakhala ndi maplugin amene sadasinthidwepo chiwaikireni, ndipo ena ndi okuba, amene amatchedwa nulled, otengedwa mwaulere m'malo okayikitsa, amene salandira zokonza kuchokera kwa eni ake ndipo nthawi zina amabwera ndi nankafumbwe wawo kale. Kuchepa kwa bizinesi sikubisa munthu, koma kumangotanthauza kuti palibe amene akulondera usiku.

Chodandaula chachiwiri ndi cha ndalama, ndipo ichi sindingachikankhire pambali, chifukwa ndi choona. Munthu amene akulimbana ndi mtengo wa dizilo, msonkho wa pachipata ndi lendi ya ofesi alibe ndalama zolembera katswiri wofufuza chitetezo. Mnyamata amene adapanga webusaiti ija nayenso ayenera kuti adalandira ndalama zochepa, adaphunzira yekha pa YouTube, ndipo palibe adamuuzapo za zimenezi. Sindikufuna kumusandutsa chigawenga. Koma umphawi wa onse awiri suchotsa ngozi pa mutu wa kasitomala, amene sadafunsidwe n'komwe ngati akulola kuti dzina lake lisungidwe m'nyumba yopanda chitseko. Ndipo kukonza XSS si kokwera mtengo monga anthu amaganizira, pakuti zida zonse ndatchulazi ndi zaulere, ndipo chimene chimasowa ndi chidziwitso ndi chizolowezi. Pamene ndalama zosamalira webusaiti mwezi ndi mwezi palibiretu, yankho loona mtima ndi kusasunga zimene sungathe kuziteteza. Kaundula wa pepala wotsekeredwa m'kabati ndi wabwino kuposa mndandanda wa mapasipoti pa webusaiti imene woipanga adasintha nambala ya foni chaka chatha.

Amene sakhudzidwa ndi chifundo akhudzidwe ndi lamulo. Kuno ku South Africa lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA, limene lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, silisankha kuti bizinesi ndi yaikulu kapena yaing'ono, ndipo limateteza munthu aliyense amene zinsinsi zake zasungidwa, kaya ndi nzika kapena mlendo. Gawo 19 limalamula wosunga zinsinsi za anthu kuti achite zoyenera kuti zisabedwe, gawo 21 limafuna mgwirizano wolembedwa ndi aliyense amene akuzigwira m'malo mwake, ndipo gawo 22 limalamula kuti zikabedwa adziwitse Information Regulator, bungwe loyang'anira lamuloli, pamodzi ndi eni zinsinsizo. Chindapusa chingathe kufika R10 miliyoni. Mu 2023 Regulator adalamula ngakhale dipatimenti ya zachilungamo ya dziko lino kuti ilipire R5 miliyoni pa nkhani yokhudza kusasamala chitetezo cha makompyuta ake. Nkhani imeneyo siidali ya XSS, koma ikusonyeza kuti kunyalanyaza kukonza zodziwika kumawerengedwa ngati mlandu. Kwathu ku Malawi nakonso kuli lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo bizinesi imene ili ndi phazi limodzi ku Johannesburg, lina ku Limbe, iyenera kuganizira mbali zonse ziwiri. Taonani kuti m'malamulowa udindo uli pa wosunga. Mwini bizinesi sangadzitchinjirize ponena kuti za makompyuta sazidziwa, monga mmene sangadzitchinjirize ponena kuti sadziwa za mabuleki galimoto yake ikagunda munthu.

Choncho wogula webusaiti ali ndi mafunso amene ayenera kufunsa asanapereke ndalama, ngakhale asadziwe kulemba mzere umodzi wa code. Afunse kuti zimene makasitomala amalemba zimasinthidwa bwanji zisanaonetsedwe pa tsamba, ndipo apemphe kuti amuonetse ndi maso kuti kamzere koyesera kakulephera kugwira ntchito. Afunse kuti adzasintha maplugin ndani miyezi ikubwerayi, pa mtengo wanji, ndipo zimenezi zilembedwe. Wopanga amene wakhumudwa ndi mafunso otere wadziulula yekha. Ifenso opanga tiyenera kuleka kugulitsa webusaiti ngati mpando umene ukaupereka ntchito yatha, chifukwa webusaiti ndi munda, ndipo wosaupalira amakolola udzu. Sindikunena kuti wogwiritsa ntchito alibe gawo lililonse, pakuti kusintha bulawuza ikapempha ndi kusagwiritsa ntchito pasiwedi imodzi paliponse kumachepetsa chiwonongeko zinthu zikavuta. Koma kuchepetsa chiwonongeko n'kosiyana ndi kukhala woyambitsa, ndipo sitiyenera kusokoneza ziwirizi.

Pali chinthu china chimene ndikupempha eni mawebusaiti, ndicho kulandira bwino munthu wowachenjeza. Achinyamata athu ena amene akuphunzira za makompyuta m'makoleji a ku Braamfontein ndi kwina amaona mabowo amenewa, koma amangokhala chete poopa kuti akanena atengedwa ngati akuba. Mantha awo ali ndi maziko, chifukwa lamulo la Cybercrimes Act la 2020 limaletsa kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo, ndipo ndikuwachenjeza mwamphamvu kuti asayese webusaiti ya munthu asanamupemphe, ngakhale cholinga chikhale chabwino chotani. Ine ndidayamba ndapempha, mwini wake ali pambali panga. Koma mwini webusaiti angathe kutsegula njira yoyenera poika kafayilo kotchedwa security.txt, kamene kadakhazikitsidwa mu 2022 monga RFC 9116, kongonena kumene munthu angalembere akaona vuto. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mnansi wotere ayenera kuthokozedwa, osati kuopsezedwa ndi apolisi.

Masana aja sindidawonjezere malo oikapo chithunzi cha pasipoti. Ndidafunsa bambowo kuti zithunzizo azifuniranji, ndipo titakambirana zidapezeka kuti chimene ankafuna ndi kutsimikiza kuti wolandira katundu ndi mwini wakedi, zimene nambala yachinsinsi yotumizidwa pa foni ingathe kuchita popanda kusunga pasipoti ya aliyense. Kenaka ndidatsegula fayilo imene imaonetsa mndandanda wa katundu, ndipo ndidapeza malo asanu ndi awiri pamene mawu a kasitomala ankaikidwa pa tsamba osasinthidwa. Ndidawakonza limodzilimodzi, bambowo atakokera mpando pafupi, akuyankha foni ya dalaivala amene adali pamzere ku Beitbridge. Titatsegulanso tsambalo, kabokosi sikadatuluke. M'malo mwake, pa mzere wa katundu wanga wabodza uja, kamzere ka JavaScript kadaoneka kolembedwa poyera ngati zilembo wamba, pakati pa bulangeti ziwiri za mayi wina ndi njinga ya bambo wina. Adakaloza ndi chala n'kufunsa ngati kameneko ndiye kaja, ndipo ndidati ndi komweko. Padatsala tsamba losindikizira malisiti ndi tsamba lofufuzira maina, amene sindidathe kuwaona tsikulo, ndipo tidapangana kuti ndidzabwerenso Loweruka, galimoto ya ku Lilongwe ikadzanyamuka.